Magule a M'nyengo ya Chisanu: Phunziro Lochokera ku Phiri la Hora

Awerengi athu a m'midzi ya Inkosi Kanduku ndi ena onse a m'boma la Mwanza, phunziro la mwezi uno likunena za magule ndi misonkhano ya chisangalalo imene imachitika m'nyengo ya chisanu. Tonse tidziwa kuti chimanga chikalowa m'nkhokwe ndipo makasu akapachikidwa, nthawi ya ng'oma yafika. Maukwati, zinamwali, kumanga ziliza ndi maulendo okaona abale, zonsezi zimadikira miyezi ya Juni, Julayi ndi Ogasiti. Chisangalalo n'chabwino, ndipo palibe munthu wanzeru amene angaletse anzake kuvina. Koma chisangalalo chomwecho chasiya mabanja ena opanda chakudya mvula isanagwe, ndipo chagoneka anthu ena m'chipatala. Chifukwa chake tiyeni tione m'mene anzathu a kumpoto amachitira mwambo wao waukulu wa Umthetho ku Mzimba, kuti titengepo nzeru zotithandiza kwathu kuno.

Chifukwa chiani magule amachuluka m'chisanu?

Makolo athu sanasankhe nyengo imeneyi mwachisawawa ai. Choyamba, ntchito ya kumunda imakhala itachepa, pakuti kukolola kwatha ndipo kusosa sikunayambe kwenikweni. Chachiwiri, chakudya chilipo; gule wa mimba yopanda kanthu sakoma, ndipo mowa ndi thobwa zimafuna chimanga ndi chimera. Chachitatu, mvula yaleka, mitsinje yaphwa, misewu yauma, kotero alendo angathe kuyenda ulendo wautali ndi kugona panja osaopa kunyowa. Chachinayi, ndalama zimaoneka m'manja mwa anthu. Anzathu a ku Mzimba amakhala atagulitsa fodya, ndipo ife kuno manachesi athu amapsa m'miyezi yomweyi, nandolo natsatira pambuyo pake. Kuzizira nakonso kumathandiza, pakuti munthu angathe kupondaponda pabwalo tsiku lonse osalefuka monga m'mene angalefukire ndi dzuwa la Okutobala.

Dziko la Mzimba ndi lokwera, ndipo mapiri a Viphya ali pafupi. Kumeneko kumazizira koposa kuno, ndipo m'madambo ena chisanu chimapsereza mbewu za m'madimba usiku. Komabe ndi m'nyengo yomweyo m'mene anthu zikwizikwi amasonkhana panja.

Mwambo wa Umthetho

Umthetho ndi mwambo wa Angoni a Inkosi ya Makosi M'mbelwa. Liu lakuti umthetho m'Chingoni litanthauza lamulo, kapena mwambo umene anthu amayendera. Msonkhanowo umachitika mwezi wa Ogasiti m'tsinde mwa phiri la Hora, kumpoto kwa boma la Mzimba, ndipo amaukonza ndi a bungwe la Mzimba Heritage Association pamodzi ndi mafumu. Likulu la Inkosi ya Makosi lili ku Edingeni, ndipo pansi pake pali makosi ena monga Mtwalo, Mpherembe, Chindi, Mzukuzuku, Mabulabo, Mzikubola ndi Kampingo Sibande. Aliyense wa iwo amabwera ndi anthu ake ndi magulu ake a ovina. Kumabweranso alendo ochokera kwa Angoni a Mpezeni ku Zambia, kwa Angoni a Gomani, ndi kumaiko ena kumene kuli anthu a mtundu womwewo.

Mwambowo sutha tsiku limodzi. Anthu amayamba kufika masiku angapo tsiku lalikulu lisanafike, namanga misasa, nakonza bwalo. Akuluakulu amakhala pansi kukamba za mbiri ndi chilankhulo, ng'ombe zimaphedwa, mowa umafululidwa, ndipo makolo amene anatsogola amakumbukiridwa. Pa tsiku lotsiriza mafumu amalowa m'bwalo motsatana monga mwa ukulu wao, wolakatula akutchula zithokozo zao, ndipo Inkosi ya Makosi ikamalowa khamu lonse limafuula kuti Bayethe.

Mbiri ya anthuwo ndi ya phirilo

Kuti timvetse chifukwa chake anthu amasonkhana pa Hora, tiyenera kubwerera m'mbuyo pang'ono. Angoni a Zwangendaba Jere anachokera kumwera, kudziko limene lero likutchedwa KwaZulu-Natal ku South Africa, pa nthawi ya nkhondo za Shaka. Anaoloka mtsinje wa Zambezi pafupi ndi Zumbo m'mwezi wa Novembala chaka cha 1835, pa tsiku limene kunachitika kadamsana. Anapitirira kumpoto mpaka ku Ufipa, m'dziko la Tanzania ya lero, ndipo Zwangendaba anafera komweko pa malo otchedwa Mapupo. Atamwalira, mtundu unagawikana. Mpezeni anapita ndi anthu ake nakakhazikika kufupi ndi Chipata, ndipo M'mbelwa anadza ndi ake kumpoto kwa dziko lathu lino, pakati pa Atumbuka ndi Atonga.

Angoni anagonjetsa eni dziko, ndipo ambiri anawatenga nawaika m'midzi yao. Koma ogwidwawo sanakhale chete nthawi zonse. Atonga anathawa nabwerera kunyanja, ndipo cha m'ma 1880 Atumbuka ena, motsogozedwa ndi Baza Dokowe, anaukira nakwera phiri la Hora. Angoni anazinga phirilo, ndipo Atumbuka ambiri anafera pamenepo. M'chaka cha 1904 mafumu a Angoni a kumpoto anakumana ndi Bwanamkubwa Alfred Sharpe ku Ekwendeni, navomera kulowa pansi pa Boma la Angerezi popanda nkhondo.

Tsono taonani chinthu chofunika kuchiganizira. Phiri limene linaona mwazi ndilo limene lero likuona magule. Zidzukulu za ozinga ndi za ozingidwa zinakwatirana, ndipo Angoni ambiri a ku Mzimba lero amalankhula Chitumbuka, monga m'mene Angoni a kwathu kuno amalankhulira Chichewa. Pa bwalo la Umthetho simungathe kuloza kuti uyu ndi mdzukulu wa wogonjetsa, uyo ndi mdzukulu wa wogonjetsedwa. Onse amanyamula chishango chimodzimodzi. Iyi ndiyo ntchito yoyamba ya msonkhano wabwino, kusandutsa anthu amene makolo ao anadana kuti akhale abale.

Zimene mlendo amaona pabwalo

Gule wamkulu wa tsikulo ndiye ingoma. Amuna amaima m'mizere, atavala zikopa za nyama m'chiuno ndi m'mapewa, nthenga kumutu ndi mangenjeza m'miyendo, chishango kudzanja lamanzere ndi chibonga kapena mkondo kudzanja lamanja. Akazi amaima pambali kapena kumbuyo, akuomba m'manja, kuyimba ndi kululutira. Chimene chimadabwitsa mlendo wozolowera magule a Achewa n'chakuti ingoma ya ku Mzimba ilibe ng'oma zoomba. Ng'oma yake ndi phazi. Amuna onse amakweza mwendo nthawi imodzi naponda pansi pamodzi, kotero kuti nthaka imagwedezeka ndipo fumbi limakwera. Wina akaponda mochedwa, onse amamva. Chifukwa chake magulu amayamba kuyeseza masabata ambiri tsikulo lisanafike, ndipo anyamata aang'ono amaikidwa kumapeto kwa mzere kuti aphunzire poona akulu.

Kale ingoma inali ya ankhondo, yovina pokondwerera kupambana. Nkhondo zitatha, guleyo sanafe. Amishoni a Livingstonia atafika pakati pa Angoni, kuyambira ndi William Koyi amene anakhala ku Njuyu m'chaka cha 1882, anatsutsa magule ambiri, koma mbusa Donald Fraser wa ku Embangweni anaona kuti maimbidwe a Chingoni ndi okoma, nalimbikitsa Akhristu kupeka nyimbo za m'tchalitchi m'maimbidwe omwewo. Anthu monga Mawelera Tembo, Peter Thole ndi Charles Chinula anapeka nyimbo zimene zikuyimbidwabe m'mipingo ya kumpoto. Apa tiphunzira kuti mwambo ungathe kusintha ntchito yake koma osatayika.

Kunja kwa bwalo kumakhala msika. Amai amagulitsa zakudya, amisiri amagulitsa zishango, mikanda ndi zosemasema, ndipo abale amene anasiyana kalekale, ena ochokera ku Lilongwe, ena ku Johannesburg kumene ana ambiri a ku Mzimba amakagwira ntchito, amaonana nafunsana za kumudzi. Kwa anthu ambiri kucheza kumeneku ndiko kumawakoka koposa zokamba za akuluakulu.

Magule ena a kumpoto

Ku Nkhata Bay, m'mbali mwa nyanja, Atonga amavina malipenga m'nyengo yomweyi ya chilimwe, akatha kukolola. Guleyu anayamba itatha nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, pamene anthu anatengera perete wa asilikali a King's African Rifles. Ovina amavala malaya oyera, akabudula ndi masitonkeni aatali, naguba m'mizere mwaulemu monga asilikali. Malipenga ao amawapanga ndi zikho zazitali, natseka kabowo ndi kansalu koyera kamene kangaude amakutira mazira ake, ngakhale masiku ano ena amaikapo kapepala kopyapyala ka pulasitiki. Gulu lililonse limatchedwa boma, ndipo lili ndi mfumu yake ndi akapitao ake. Boma lina limaitana linzake kudzapikisana, ndipo oitanawo ndiwo amadyetsa alendo. Pakuti aliyense adziwa kuti tsiku lina adzakhala mlendo, amasonkha chakudya ndi ndalama nthawi isanafike.

Atumbuka ali ndi vimbuza, gule wochiza odwala mizimu, amene amaonetsedwanso pa misonkhano. M'chaka cha 2005 bungwe la UNESCO linalengeza kuti vimbuza ndi gule wamkulu wa Achewa ndi chuma cha anthu a dziko lonse lapansi. Tsono amene amayesa kuti magule athu ndi zinthu zachabe za anthu osaphunzira adziwe kuti akunja omwe amawalemekeza.

Ubale wathu ndi mwambowo

Ife a kwa Kanduku nkhaniyi si yachilendo kwa ife. Ufumu wa Kanduku ndi wa Angoni a Maseko, amene mfumu yao yaikulu ndi Inkosi ya Makosi Gomani ya ku Ntcheu. Amaseko anachokera kumwera komweko, koma anayenda njira yao paokha motsogozedwa ndi Mputa, nafika ku Songea ku Tanzania, nabwerera kudzakhala ku Domwe. Gomani woyamba anaphedwa ndi Angerezi m'chaka cha 1896, ndipo mwambo wa Umhlangano umachitikira ku Nkolimbo, kumene kuli manda ake, chisanu chikamatha. Achewa a pakati pathu nawonso amapita ku Kulamba kwa Kalonga Gawa Undi ku Mkaika, m'boma la Katete ku Zambia, kumapeto kwa Ogasiti. Ndipo m'midzi mwathu momwe muno muli ngoma, chimtali ndi gule wamkulu.

Si onse angathe kupita ku Hora. Ulendo wake ndi wautali, kuchoka ku Mwanza kudzera ku Zalewa, Ntcheu, Dedza, Lilongwe, Kasungu ndi Jenda, ndipo umadya ndalama zambiri. Koma phunziro lake lingathe kufika m'mudzi uliwonse. Msonkhano wa anthu zikwizikwi umatheka chifukwa anthu anakhala pansi kale nagawana ntchito. Mutu umodzi susenza denga. Gule wa pamudzi, ngakhale ndi wa anthu zana limodzi, afunanso makonzedwe otero.

Malangizo kwa okonza magule ndi maphwando

1. Werengani chimanga musanafulule mowa. Muone kuti thumba limodzi limatha masiku angati m'nyumba mwanu. Ngati limatha mwezi umodzi, ndiye kuti kuchokera mu Ogasiti kufika kumapeto kwa Malichi mufuna matumba 8. Matumba amenewo muwapatule, muthire mankhwala a anankafumbwe, ndipo asakhudzidwe. Chotsala ndicho cha phwando. Chimanga chimatsika mtengo pokolola, nakwera mu Januwale ndi Febuluwale. Munthu amene agulitsa chimanga mu Julayi kuti agule mowa adzagula chimanga chomwecho pa mtengo wokwera, ana akulira, ndipo adzasiya munda wake kukagwira ganyu m'munda wa mnzake.

2. Ndalama za manachesi ndi nandolo zikhale ndi ntchito zisanafike m'thumba. Mwamuna ndi mkazi akhale pansi, apatule za mbewu ndi feteleza, za sukulu ndi za matenda, kenaka za chisangalalo. Mudzi wofuna kuitana alendo usankhe msungichuma wokhulupirika, ndipo zosonkha zonse zilembedwe m'buku ndi kuwerengedwa poyera. Magulu ambiri a magule anapasuka, osati chifukwa cha kusowa ovina, koma chifukwa cha ndalama zimene sizinadziwike kumene zinapita.

3. Kumbani zimbudzi alendo asanafike. Chimbudzi chikhale kutali ndi chitsime, osachepera mamita 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pakhomo pake pakhale madzi ndi sopo kapena phulusa. Madzi akumwa ndi opangira thobwa aphitsidwe kapena athiridwe kolorini, ndipo anthu asasambe m'manja m'beseni limodzi koma azithirirana. Musanene kuti kolera ndi matenda a nthawi ya mvula yokha. Mliri umene unayamba m'chaka cha 2022 unapitirira m'chilimwe monse mpaka 2023, nupha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Munthu akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, mpatseni madzi a Thanzi ndipo mupite naye kuchipatala msanga, osadikira kuti gule athe.

4. Chenjerani ndi kuzizira ndi moto. Makanda ndi okalamba asagone panja opanda zofunda, pakuti chibayo chimagwira otere msanga. Mbaula ya makala isalowe m'nyumba yotseka mazenera. Mpweya wake suoneka ndipo sununkha, koma umapha anthu ali m'tulo. Moto wootha uzimitsidwe anthu asanabalalike, pakuti udzu wauma ndipo mphepo ya mwera ndi yamphamvu. Kamoto kamodzi kangathe kupsereza nkhokwe, minda ya manachesi ndi udzu wofolera nyumba.

5. Mowa ukhale ndi malire. Makolo athu anali kumwa, koma anali ndi mwambo wake; ana sanali kukhala pa mowa, ndipo woledzera anali kuperekezedwa kwao. Amfumu asankhe anyamata odziletsa oyang'anira bwalo. Wovina ngoma amene wanyamula chibonga kapena mkondo asaledzere, ndipo woyendetsa galimoto kapena njinga yamoto amene wamwa asanyamule anthu.

6. Samalani ana. Magule a usiku wonse ndiwo amabweretsa mimba za atsikana a sukulu ndi matenda opatsirana, pamodzi ndi Edzi. Nkwabwino kuti gule ayambe dzuwa lili pamutu ndi kutha lisanalowe, monga amachitira pa tsiku lalikulu la misonkhano ya mafumu. Chinamwali chichitike pa tchuthi, ndipo chithe sukulu zisanatsegulidwe. Makolo akumbukire kuti kuyambira m'chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino salola ukwati wa munthu wosafika zaka 18, ngakhale makolowo atavomera.

7. Mverani a zaumoyo. M'chaka cha 2020, pa nthawi ya mliri wa Covid-19, misonkhano ikuluikulu inaletsedwa, ndipo mafumu anavomera kuimika miyambo yao kuti apulumutse anthu. Mwambo sunafe chifukwa cha zimenezo. Gule angathe kudikira chaka china, koma munthu akapita wapita.

8. Phunzitsani achinyamata. M'midzi yambiri odziwa nyimbo za ngoma ndi tanthauzo lake ndi okalamba, ndipo akutha mmodzimmodzi. Anyamata ambiri ali ndi mafoni ojambula mau ndi zithunzi. Apite kwa agogo ao, awapemphe mwaulemu kuti ayimbe ndi kumasulira, nasunge. Aphunzitsi nawonso aitane akuluakulu a m'mudzi kudzaphunzitsa ana kuvina ndi kupanga zishango. Posoka zovala za gule, gwiritsani ntchito zikopa za mbuzi ndi ng'ombe. Kupha nyalugwe kapena nyama zina zotetezedwa ndi mlandu waukulu.

Mafunso okambirana

Tikupempha amfumu, alangizi, aphunzitsi ndi atsogoleri a magulu a amai kuti awerengere nkhaniyi anzao amene sadziwa kuwerenga, kenaka akambirane mafunso awa:

1. Kodi liu lakuti umthetho litanthauza chiani, ndipo mwambowo umachitikira kuti?

2. Nchiani chinachitika pa phiri la Hora cha m'ma 1880, ndipo tiphunzirapo chiani poona anthu amene amavina pamenepo lero?

3. M'nyumba mwanu mufuna matumba angati a chimanga kuti mufike pokolola? Kodi mwawapatula kale?

4. Pa gule wotsiriza wa m'mudzi mwanu, alendo anamwa madzi ochokera kuti, ndipo anadzithandiza kuti?

5. Ndani m'mudzi mwanu amene akudziwa nyimbo zakale, ndipo ndi ana angati amene akuphunzira kwa iye?

Mukakambirana, sankhani anthu atatu kapena anayi, amuna ndi akazi, amene adzayang'anira zimenezi pa gule wanu wa chaka chino, ndipo mupereke maina ao kwa amfumu. Tikufunirani chisanu chabwino ndi magule okoma, ndipo mvula yoyamba ikadzagwa idzakupezeni muli ndi mbewu m'manja ndi chimanga m'nkhokwe.